Mbiri ya Nyumba ya Alendo pa Gombe la Cape Maclear

Ife okhala ku mapiri a Dedza timaidziwa nyanja monga munthu adziwa mnansi wokhala patali. Munthu akaima pa mtunda wa ku Bembeke tsiku lopanda nkhungu, nayang'ana kum'mawa, aiona pansi patali iri mbee, ndipo tsidya lace aona mapiri a kwa Nankumba. Makolo athu anali kutsikirako ndi mitanga ya nyemba ndi ufa, nabwerako ndi usipa ndi utaka wouma. Ena anatsikirako kukakwera sitima, ena kukafuna nchito. Koma sitinamve kuti panali mmodzi wa iwo amene anatsika citunda ca Golomoti, natopetsa miyendo yace, cifukwa ca kufuna kusamba kokha. Kwa iwo nyanja inali munda wa asodzi ndi njira ya amalonda, ndipo nthawi zina inali manda.

Tsono pa masiku a agogo athu anadza anthu a mwambo wina, amene anaona nyanja yomweyo ngati bwalo la masewera. Anamanga nyumba zazikuru pa mcenga, kuti alendo azisamba usana ndi kubvina usiku, nalipira ndalama pa zonse ziwiri. Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya nyumba imodzi yotere, imene inamangidwa pa Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Inachuka kufikira ku London, koma sinakhale zaka zinai. Mbiri yace ndi yaifupi, koma mafunso amene inasiya sanathe kufikira lero: gombe la nyanja nla yani, ndipo mudzi upindula ciani ndi mlendo wodzasewera?

KUMENE MWAMBOWU UNACOKERA

Tisaganize kuti Azungu anali kusewera m'nyanja kuyambira kale. Makolo ao anaiopa monga anaiopa athu, ndipo oyandikira madzi a mcere anali asodzi ndi amalinyero. Mwambo wa kusamba m'nyanja unayamba ngati mankhwala. M'caka ca 1750 sing'anga wina wa ku England, Dr Richard Russell, analemba buku lonena kuti madzi a mcere aciritsa nthenda zina, munthu akawasamba ndi kuwamwa. Odwala olemera anayamba kumtsata ku Brighton, umene unali mudzi wa asodzi. Ndipo pamene mwana wa mfumu ya England anafikako m'caka ca 1783, nakondako, akuru onse anafuna kuonekako. Popeza anali anthu a manyazi pa kubvula, anapanga tinyumba ta matabwa tokhala pa magudumu, timene kavalo anali kukokera m'madzi, kuti munthu abvule ndi kulowa m'nyanja osaonedwa.

Cimene cinasanduliza mankhwalawo kukhala masewera ndi njanji. Njanji ya ku London inafika ku Brighton m'caka ca 1841, ndipo anthu a nchito, amene anali kupuma utsi wa m'mizinda sabata lonse, anapeza njira ya kufika ku nyanja m'mawa ndi kubwerera madzulo. Pamene pali khamu amalonda sacedwa. Anamanga nyumba zazikuru pa gombe: mbali yina zipinda zobvuliramo ndi kusungiramo zobvala, mbali yina malo omwerapo tiyi, ndipo pakati cipinda cacikuru coyalidwa matabwa osalala, cobviniramo. Ku Blackpool nsanja yaitali ya citsulo inatsegulidwa m'caka ca 1894, ndipo cipinda cobviniramo ca m'munsi mwace ncochuka kufikira lero.

Mwambowo unaoloka nyanja pamodzi ndi eni ace. Ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, anamanga nyumba yotere ya matabwa m'caka ca 1911, namanganso yina yaikuru koposa m'caka ca 1929. Abale athu amene anapita ku Joni ndi ku Durban kukafuna ndalama ya msonkho anaziona nyumba zimenezi ndi maso ao, ndipo ambiri anagwira nchito ya kuphika ndi kuperekera zakudya m'mahotela a kumeneko. Anali kunyamula mbale ndi kupukuta matebulo, koma mcenga wa patsogolo pa hotela sunali wao kuti asewerepo. Lamulo la 1953 la ku South Africa linalimbitsa tsankho limenelo, nililola kugawa malo ocezera monga mwa khungu la munthu. Pambuyo pace linafika ndi pa magombe pomwe, ndipo silinacotsedwe kufikira 1990.

CAPE MACLEAR HOTELA ISANAMANGIDWE

Malo amene tinenawa ali pa nsonga ya mtunda wa kwa Nankumba, umene ulowa m'nyanja kum'mwera ndi kuigawa miyendo iwiri. Pali mcenga wautali, mapiri a miyala kumbuyo, ndi zisumbu za Thumbi ndi Domwe patsogolo, zimene zichinjiriza dooko ku mphepo. Dr David Livingstone anapitapo pa bwato m'caka ca 1861, napacha dzina la bwenzi lace Thomas Maclear, wophunzira za nyenyezi ku Cape Town. Anthu a kumeneko amangoti kwa Chembe.

M'caka ca 1875 anafikapo a Misyoni ya Livingstonia, otsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws. Anadza ndi sitima yaing'ono yochedwa Ilala, imene anaiphwasula pa mathithi a Shire. Amuna mazana ambiri anasenza zidutswa zace pamutu, ndipo itakonzedwanso kumtunda inalowa m'nyanja pa 12 October. Ataona dooko labwinolo anapasankha, atalandira cilolezo kwa mfumu Mponda. Caka cotsatira anadza ena, pamodzi ndi alaliki akuda ocokera ku sukulu ya Lovedale, mmodzi wa iwo William Koyi, amene pambuyo pace anagwira nchito pakati pa Angoni a kumpoto.

Koma malo okoma m'maso anali oipa m'thupi. Dr William Black anamwalira m'caka ca 1877, ndi Shadrach Mngunana wa ku Lovedale caka comweco, ndipo ena anawatsata. Masiku amenewo panalibe wodziwa kuti malungo adza ndi udzudzu. Cimeneci cinadziwika m'caka ca 1897 ndi nchito ya Ronald Ross ku India. Ndiponso midzi ya pafupi inali yocepa, nthaka yolima yosakwanira, ndipo dziko lozungulira linali m'manja mwa ocita malonda a akapolo. Cifukwa cace m'caka ca 1881 Misyoni inasamukira ku Bandawe, nisiya manda asanu m'tsinde mwa phiri, ndi Mkristu mmodzi wobatizidwa, Albert Namalambe, amene anatsala kusunga sukulu. Owerenga asunge ici m'mtima: alendo oyamba anakopeka ndi dooko ndi kukongola kwa malo, osawerengera kutalikira kwace. Zitapita zaka pafupifupi 70 anadza alendo aciwiri, a colinga cina, nakopeka ndi zomwezo.

NJANJI NDI HOTELA YA KU SALIMA

M'caka ca 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika mailosi oposa 2, unatha kumangidwa, ndipo njanji ya ku Blantyre inatalikitsidwa kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, kufikira ku Salima. Ipita m'munsi mwenimweni mwa mapiri athu. Anaimangira fodya, thonje ndi mtedza, ndiponso kuti ikomane ndi sitima za pa nyanja. Koma monga zinacitikira ku Brighton, njira yotsegulira katundu inatsegukiranso ofuna kusewera.

Ku Senga Bay, mailosi ngati 12 kucokera ku Salima, kunamangidwa hotela yochedwa Grand Beach m'zaka zomwezo za m'ma 1930. Odzako anali Azungu a minda ya fodya a ku Lilongwe ndi ku Dowa, a nchito za Boma, ndi ena a ku Rhodesia, dziko limene liribe nyanja ya mcere. Miyezi ya June ndi July, pamene ife kuno tiwotha moto usana ndi kufunda mabulangete awiri, ku nyanja kuli kotentha bwino, mvula kulibe, ndipo udzudzu ucepa. Cisanu cathu comweci cinali wolengeza malonda wa hotelayo. Hotela imeneyi inasintha eni ndi dzina, koma sinagwe. Lero ichedwa Sunbird Livingstonia. Cifukwa cimene inakhalira, pamene inzace inafa, tidzaciona pansipa.

NGALAWA ZOULUKA

Nkhondo yaikuru yaciwiri itatha m'caka ca 1945, amalonda anayembekeza kuti alendo adzacuruka. Kampani yina ya Azungu inasankha mcenga wa Cape Maclear, pafupi pomwe ndi manda a amisyoni aja, nimangapo hotela, imene inatsegulidwa m'caka ca 1948. Nyanja inali itangoonetsa kumene kuti si coseweretsa: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto, ndipo anthu 145 anamira. Koma dooko la Chembe nlobisika, madzi ace ngoyera, ndipo posacedwa hotelayo inapeza cinthu cacikuru codalira, ndico ndege zotera pa madzi.

Tilongosole pang'ono za ndege zimenezi, pakuti ana a lero sanazione. Masiku amenewo mabwalo akuru a ndege anali owerengeka m'Afrika, ndipo kukonza bwalo lolimba loti ndege yolemera iterepo kunali kwa mtengo wapatali. Koma nyanja ndi mitsinje zinalipo kale, zosafuna khasu kapena simenti. Cifukwa cace kampani ya ndege ya ku Britain, yochedwa BOAC, inagwiritsa nchito ndege za mtundu wa Short Solent, zimene mimba yace inali ngati ya ngalawa. Iri yonse inali ndi injini 4, ndi zipinda zosanja, pansi ndi pamwamba, ndipo inanyamula alendo 34. Inali kunyamuka ku Southampton, nitera ku Sicily, ku Egypt, pa mtsinje wa Nile ku Khartoum, pa nyanja ya Victoria, pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria Falls, nimariza pa damu la Vaal, kum'mwera kwa Johannesburg. Ulendo wonse unali wa masiku anai ndi theka, pamene sitima ya pa madzi inafuna masabata awiri kuti ifike ku Cape Town. Dzuwa likalowa alendo anali kugona m'mahotela a m'njira.

M'mwezi wa November 1949 ndege za ulendo umenewu zinayamba kutera pa Cape Maclear, kamodzi pa sabata. Talingalirani msodzi ali m'bwato lace la mtengo umodzi, longa la agogo ace, ndipo cinthu cacikuru ngati nyumba citsika kumwamba ndi mkokomo, nicing'amba madzi ndi kuutsa thobvu, niciima duu pakati pa dooko. Maboti anali kukatenga alendo ndi makalata ndi kuwafikitsa ku mtunda. Kwa caka cimodzi mudzi wa asodzi unali khomo la Nyasaland yense, ndipo munthu wocokera ku London anayamba kuponda dziko lino pa mcenga wa kwa Chembe.

Makhalidwe a m'nyumba zotere anali amodzi kulikonse, ku Senga Bay ndi ku Muizenberg comwe. Usana amuna ndi akazi asamba pa dooko limodzi, atabvala tizobvala tating'ono, nagona pa mcenga kuti dzuwa liwaoche, cinthu cimene anthu olima pa dzuwa masiku onse sanacimvetse. Madzulo abvala zabwino, nadya, ndipo galamafoni ikayamba kulira abvina awiriawiri, mwamuna atagwira mkazi. Eni dziko analimo ndithu, koma analowera khomo la kukhichini: kuphika, kucapa, kusita, kutunga madzi, kusesa mcenga, ndi kugulitsa nsomba ndi mazira pa khonde la kumbuyo. Ndalama anapeza, ndipo sitiyenera kuicepsa, pakuti msonkho unalipidwa ndi ana anabvala. Koma panalibe mmodzi amene analowa ngati mlendo.

CAKA CA NJALA

Mwezi womwewo umene ndege yoyamba inatera, anthu a kum'mwera kwa dziko lino anali kudya mizu ya m'chire. Mvula ya dzinja la 1948 ndi 1949 inayamba, nileka pakati, ndipo cimanga cinauma m'minda cisanabereke. Njala inakula kumapeto a 1949 ndi kuciyambi ca 1950, makamaka m'boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa cimanga ku maiko ena, nilitsegula malo ogawira cakudya, koma kwa ena thandizo linacedwa. Ambiri anakwera ku mapiri a Ntcheu ndi ku dziko la Apwitikizi kukasuma, nagwira ganyu m'minda ya eni kuti apeze lichero la cimanga. Mabanja anapasuka, ndipo nkhalamba ndi ana anafa.

Sitinena kuti hotela inadzetsa njala, kapena kuti obvina akadaleka mvula ikadagwa. Tinena kuti m'dziko limodzi, m'mwezi umodzi, munali maiko awiri osaonana: lina lowerengera maora a ndege ya ku London, lina lowerengera masiku otsala kuti maungu akhwime. Wofuna kumvetsa cifukwa cace anthu a dziko lino anakana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland m'caka ca 1953, ndi kufuna kudzilamulira okha, ayambe waona maiko awiriwa.

KUGWA KWA HOTELA

Akuru anati, mlendo ndi mame. M'mwezi wa November 1950 BOAC inaleka ndege zonse zotera pa madzi. Nkhondo inali itasiya mabwalo ambiri olimba, ndipo ndege zotera pa mtunda, monga Hermes, zinali zofulumira ndi zocepa mtengo poziyendetsa. Pofika 1952 ndege ya Comet inali kucoka ku London ndi kufika ku Johannesburg tsiku limodzi lisanathe. Odza ku Nyasaland anatsikira ku Chileka. Dooko la Chembe linabwerera kwa asodzi, ndipo m'caka ca 1951 hotela inatsekedwa.

Tiona zifukwa zitatu. Coyamba, inadalira mlendo mmodzi. Amene analamula kuti ndege zileke anali ku London, ndipo sanafunse munthu wa kwa Chembe, angakhale mwini hotela. Caciwiri, msewu. Kucokera ku Blantyre ndi mailosi oposa 150, ndipo cigawo cotsiriza, copatuka pa msewu wa ku Monkey Bay, cinali cokhotakhota m'mapiri a miyala, cobvuta m'malimwe ndi coopsa m'dzinja. Hotela ya ku Senga Bay inali ndi njanji pafupi, ndi alimi a fodya a Cigawo ca Pakati kumbuyo kwace. Ya ku Cape Maclear inali ndi thambo lokha. Cacitatu, inadzisankhira ogula ocepa. Kalembera wa 1945 anapeza Azungu osafika 2,000 m'dziko lonse, pamene eni dziko anali oposa 2,000,000. Nyumba imene itsekera khomo anthu cikwi kuti itsegulire mmodzi, mmodziyo akapanda kudza ikhala bwinja.

Izi sizinacitike kuno kokha. Ku Beira, kumene njanji yathu inali kufikira nyanja ya mcere, Apwitikizi anamanga Grande Hotel pakati pa zaka za m'ma 1950, yaikuru ndi yokongola kopambana, yokhala ndi dziwe losambira ndi zipinda zazikuru za maphwando. Alendo olemera amene anaimangira sanadze okwanira, ndipo inatsekedwa m'caka ca 1963. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique analowamo othawa kwao, ndipo mabanja mazana ambiri a osauka anakhazikikamo, kuphika pa mafuwa m'makonde mmene akuru anayenera kuyendamo ndi nsapato zowala.

MAGULE A MBALI ZIWIRI

Tisaiwale kuti gombe la nyanja silinayambe kumva ng'oma ndi galamafoni ya hotela. Asilikali amene anabwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anadza ndi magule otsanzira perete. Kwa Ayao a ku Mangochi kunali beni, amene anayambira m'mizinda ya ku gombe la kum'mawa kwa Afrika. Ku Nkhata Bay Atonga anali ndi malipenga. Ku Nkhotakota, Dowa ndi Salima kunali mganda. Ndipo akazi anali ndi cioda. Anyamata anabvala makabudula oyera ositidwa bwino ndi masokosi atali, naimba ndi zikho zolira ngati malipenga, nasankhana maudindo ngati a asilikali. Ndipo mudzi wina unali kuitana unzace kuti aonetsane amene aposa pa ukhondo ndi pa kuponda pamodzi. Anatenga cobvala ca Mzungu, koma ng'oma, nyimbo ndi malamulo zinali zao. Nyimbozo zinadzudzula waulesi, ndi mwamuna wochona ku Harare wosatumiza kanthu, ndipo nthawi zina zinaseka Mzungu mwini.

Tsono pali kusiyana kumene akuru a midzi anakuona msanga. Gule wa mudzi abvinidwa pa bwalo, poyera, makolo alikupenya. Amuna ali mzere wao, akazi wao. Sapereka ndalama pa khomo, pakuti khomo palibe. Dansi ya ku hotela ibvinidwa m'kati mwa zipupa, usiku, awiriawiri, ndipo wolowa ndi amene ali ndi ndalama. Pamene anyamata obwera ku Joni ndi ku Salisbury anadza ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni, dansi yotereyi inafika m'matauni athu ndi m'midzi yomwe, ndipo mikangano inabuka m'mabanja ndi m'mipingo. Ena anaitsutsa yonse. Ena anati coipa si kuponda kwa mwendo, koma mowa ndi mdima zimene ziyenda nayo. Ife tiona kuti mau aciwiriwa ali ndi nzeru, pakuti ndi magule a makolo omwe anali ndi abwino ndi oipa ace. Cimene dansi yatsopano inacotsa ndi maso a mudzi. Ndipo pamene maso a mudzi acoka, mnyamata ndi namwali ayenera kukhala ndi mlonda m'mtima mwao.

ZIMENE ZINATSATA

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, makomo a mahotela anatseguka kwa onse, koma mtengo unakhala mlonda watsopano. M'caka ca 1973 Boma linaika lamulo loletsa akazi kubvala mathalauza ndi masiketi afupi poyera, koma m'malo a alendo a ku nyanja linawalekerera. Kotero gombe linakhalabe dziko la malamulo ace, kufikira lamulolo linacotsedwa m'caka ca 1993. M'caka ca 1980 mapiri, zisumbu ndi madzi a ku Cape Maclear anaikidwa kukhala malo otetezedwa, ochedwa Lake Malawi National Park, ndipo m'caka ca 1984 bungwe la UNESCO linawawerengera pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi, cifukwa ca nsomba, makamaka timbuna ta mawangamawanga ta m'miyala. Pakuti nyanja yathu iri ndi mitundu ya nsomba yambiri koposa nyanja iri yonse ya madzi opanda mcere. Pa malo a hotela yakale panatsala maziko, ndipo manda a amisyoni alipo kufikira lero.

Alendo anabweranso, koma a mtundu wina: anyamata ndi atsikana a maiko akutali oyenda ndi zikwama kumsana, ndipo pambuyo pace Amalawi eni, a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, odza pa masiku a chuti. M'malo mwa hotela imodzi panamangidwa nyumba za alendo zambiri zazing'ono m'mbali mwa mudzi, zina za eni dziko. M'caka ca 2004 cikondwerero ca nyimbo cochedwa Lake of Stars cinayamba ku Chintheche, ndipo oimba a kuno ndi a kunja anaimba pa nsanja imodzi, akuda ndi oyera nabvina pa mcenga umodzi. Cimene wonyamula mbale wa 1949 anangopenya pa zenera, adzukulu ace anacilowa.

Koma mabvuto atsopano anadza. Anthu atacuruka pa gombe, nthenda ya likodzo inakula kwa Chembe m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Imayenda motere: wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizirombo aswa, tizirombo tilowa m'nkhono, ndipo titacoka m'nkhono tiboola khungu la wosamba. Ophunzira anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitacepa cifukwa ca makoka a maso ang'ono, nkhono zinacuruka. Motero msodzi, wosamba ndi mwini hotela amwa madzi amodzi, ndipo kulakwa kwa mmodzi kudwalitsa onse. Bvuto lina ndi mipanda. M'magombe ambiri a Mangochi ndi Salima malo a m'mbali mwa madzi anagulidwa, namangidwa mipanda yofika ku mafunde, kotero kuti mai wokacapa ayenda ulendo wozungulira, ndi msodzi asowa pokocezera bwato ndi poyanika khoka.

PHUNZIRO LACE

Mbiri iyi siikhudza a ku nyanja okha. Ana athu a ku mapiri amatsikira komweko kukafuna nchito, kabichi ndi mbatata za kacewere za ku Dedza zimadyedwa m'mahotela omwewo, ndipo magulu a sukulu ndi a mipingo amakwera basi kukaona nyanja. Tinena mau atatu.

Kwa mafumu ndi akuru a mabanja: ndalama ya malo idyedwa caka cimodzi, koma dooko lidyetsa mibadwo. Wobwereketsa malo kwa womanga nyumba ya alendo alembetse pangano pamaso pa mboni, ndipo m'panganomo mukhale njira ya anthu yofika ku madzi. Safunsa anadya phula.

Kwa anyamata ndi anamwali opita kukagwira nchito kumeneko: nchito ya kutumikira alendo iribe manyazi, koma mlendo wa pa chuti sali monga ali kwao. Iye adya m'sabata limodzi zimene anasunga caka conse, ndipo akabwerera akagwira nchito molimba ngati ife tomwe. Wotsanzira sabata limenelo masiku onse a moyo wace adzasauka. Phunzirani luso limene mudzatsala nalo ndege ikaleka kutera, ndipo munda wa kwanu musauleke.

Kwa ife tonse okaceza: tisambe ndi kukondwa, pakuti nyanja ndi yathu, koma tikumbukire kuti pamene ife tisewera ndi pa khomo pa anthu ena, pamene atunga madzi akumwa ndi kulera ana ao. Tipereke moni kwa eni mudzi, tisadetse madzi ao, tigule nsomba zao pa mtengo woyenera. Hotela ya 1948 inamangidwa ndi ndalama zambiri, nitha m'zaka zitatu. Mudzi wa Chembe unaliko ndege isanadze, ndipo asodzi ace alikupalasabe usiku ndi nyali zao kukafuna usipa.